Jenereta kapena mphepo? Werengerani musanagule

Ometa tsitsi, otchaja mafoni ndi oonetsa mpira m'misika ya ku Kasungu akudziwa mmene jenereta imadyera phindu. Ikamamwa malita 2 a petulo patsiku, masiku 26 pamwezi, pachaka ndi malita 624. Chulukitsani ndi mtengo wa lero, muwonjezerepo za oyilo ndi zokonzetsera.

Mtengowo suli m'manja mwanu. Mafuta timagula kunja ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bungwe la MERA lidakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita.

Magetsi a mphepo amadya ndalama zambiri poyamba: makina, mlongoti, batire ndi inveta. Mphepoyo simulipira. Kuno si zachilendo: mu 2002, William Kamkwamba wa ku Wimbe adapanga makina otere ndi zitsulo za njinga ndi dayinamo, n'kuyatsa mababu kwawo.

Vuto n'lakuti mphepo siwomba mofanana. Mwera umalimba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, koma masiku ena mapiko amangoima. Pamsika wothinana, nyumba ndi mitengo zimatchinga mphepo. Batire nayo imatha, imafuna kugula ina.

Choncho ndalama za nyengo ya fodya zikalowa, funsani mitengo itatu: jenereta ndi mafuta ake a chaka chonse, makina a mphepo, ndi sola, yomwe zipangizo zake zimapezeka msanga m'mashopu. Ngati malo anu ali pambalambanda, ganizirani za mphepo. Ngati muli pakati pa msika, yambani ndi sola.