Kamwala ka m'Impso Sikaliranso Mpeni Waukulu

Amayi ena amene anadwalapo mwala wa m'impso amati ululu wake umalingana ndi wa pobereka. Umayambira m'nthiti cha kumsana nkutsikira m'chinena. Munthu amangodzigubuduza, kusanza, mwinanso mkodzo nkumatuluka ndi magazi. Chodabwitsa nchakuti kamwala kochititsa zonsezi nthaŵi zina sikaposa njere ya mapira.

Miyalayi imapangika mchere wa mumkodzo ukaundana, makamaka mwa anthu osamwa madzi okwanira. Tsono inu amayi amene mumasŵera kumunda dzuŵa lili pamutu, thukuta kamukamu, osamwako ndi chikho chimodzi chomwe, nkhaniyi ndi yanu. Timiyala tosaposa mamilimita 5 tambiri timatuluka tokha pokodza. Kamwala kakakakamira m'kanjira kochokera ku impso kupita kuchikhodzodzo, mpamene pamafunika madokotala.

Kale ankang'amba m'nthiti chilonda chachikulu, ndipo wodwala ankatha milungu osagwira khasu kapena kusenza ndowa. Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 1976, pamene madokotala aŵiri a ku Sweden, Fernström ndi Johansson, anatulutsa mwala kudzera pa kabowo kakang'ono koboola pamsana. Njira imeneyi lero ndi ya miyala ikuluikulu, yoposa masentimita 2. Mu February 1980, mumzinda wa Munich ku Germany, gulu la Dr. Christian Chaussy linaphwanya mwala ndi makina a kampani ya Dornier popanda kucheka khungu nkomwe. Makinawo amatumiza mafunde amphamvu amene amaswa mwala mpaka kusanduka mchenga, mchengawo nkutuluka ndi mkodzo. Koma mayi woyembekezera sayenera kulandira chithandizo chimenechi, motero ngati mukuganiza kuti muli ndi pakati, musachite manyazi, nenani msanga.

Njira yachitatu imathandiza kwambiri pa timiyala ting'onoting'ono. Wodwala atamugoneka tulo, dokotala amaloŵetsa kapaipi kopyapyala kokhala ndi kamera kudzera njira ya mkodzo mpaka kukafika pamene pali mwala. Akauona amauswa ndi kuŵala kwa leza, zidutswa nkuzikoka ndi kadengu ka waya. Palibe chilonda, palibe ulusi, ndipo ambiri amabwerera kwao tsiku lomwelo kapena m'maŵa mwake.

Pali ziŵiri zimene sindifuna kuti ziwapite aŵerengi athu. Ululu wa m'nthiti ukabwera pamodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, imeneyo si nkhani yodikira kuti kuche, chifukwa impso yotsekeka ikaloŵedwa ndi tizilombo, matenda amafalikira m'magazi mwamsanga. Chachiŵiri, kaŵirikaŵiri dokotala amasiya kapaipi kofeŵa m'kati kuti mkodzo uziyenda bwino. Kapaipiko nkosakhalitsa. Ife amayi, ululu ukangoleka, timatanganidwa ndi ana ndi zapakhomo nkuiŵala za thupi lathu, koma kakaiŵalika miyezi yambiri kamamera miyala yatsopano ndipo kuchotsa kwake kumavuta koposa. Musanatuluke m'chipatala, funsani tsiku lokachotsa, ndipo alilembe m'buku lanu lakuchipatala inu mukuona.