Édouard Vuillard, Wojambula za M'nyumba

Kutsidya kwa nyanja yaikuru, m'dziko la France, munali munthu waluso lojambula zithunzi ndi utoto, dzina lace Édouard Vuillard. Iye anabadwa m'caka ca 1868 m'mudzi wa Cuiseaux, ndipo m'caka ca 1877 makolo ace anasamukira ku Paris, mzinda waukuru wa dzikolo.

Atate wace anamwalira iye akali mnyamata wa pasukulu. Tsono amace, pokhala wamasiye, anasunga banja ndi nchito yosoka zobvala za akazi. Anasokera m'nyumba momwemo pamodzi ndi anchito ao, kotero kuti mwanayo anakulira pakati pa nsaru, ulusi ndi singano. Poyamba anafuna kukhala msilikari, koma bwenzi lace Roussel anamkopa kuti aphunzire kujambula.

Kale ojambula ambiri anakonda kujambula mafumu, nkhondo ndi anthu omveka. Koma Vuillard anayang'ana m'nyumba mwao, napeza momwemo zomkwanira. Anajambula amace atawerama posoka, mlongo wace Marie ataima pacipupa, ndi anthu akudya madzulo nyali irikuyaka.

Ku France anthu ambiri amamata mapepala a maluwa pa zipupa za m'kati mwa nyumba. Cifukwa cace m'zithunzi zina za Vuillard, maanga a cobvala ca mkazi afanana ndi maanga a cipupa, ndipo wopenya mofulumira samuona mkaziyo. Ayenera kuima nayang'anitsa, pamenepo mkaziyo aoneka, ali cete pa nchito yace.

Zithunzi zace zambiri zoyamba zinali zazing'ono, zojambulidwa pa katoni. Pambuyo pace anakonda utoto wosanganiza ndi comatira cophikidwa ndi zikopa za nyama. Utoto wotere ukauma sunyezimira. Uoneka ngati dothi limene akazi a ku Malomo azirira nalo nyumba ndi kukometsera zipupa.

Vuillard sanakwatire. Anakhala ndi amace kufikira imfa yao m'caka ca 1928, iye ali ndi zaka 60, atawajambula nthawi zambirimbiri. Iye mwini anamwalira ku La Baule, m'mbali mwa nyanja, m'caka ca 1940, nkhondo italowa m'dziko lao. Lero zithunzi zace zisungidwa m'nyumba zazikuru ku Paris, ku Washington ndi ku New York, ndipo anthu acokera kutari kudzaona mkazi wamasiye wosoka uja.

Kumapiri a Dowa ndi Ntchisi kulinso amai otere. Alawira kukatunga madzi, asinja cimanga, apeta ufa, naphika nsima m'utsi, koma ana ao sawapenya, pakuti anazolowera. Vuillard sanalole kuti kuzolowera kumtseke m'maso. Mwana wofuna kuphunzira luso limeneli asadikire kuona cinthu cacilendo. Atenge khala ndi pepala, akhale pakhomo, nayambe ndi manja a amace atagwira licero.