Swakopmund: tauni yozizira pakati pa mchenga ndi nyanja

Msewu wochokera ku Windhoek kupita kugombe ndi wa makilomita pafupifupi 360. Mukadutsa Karibib ndi Usakos mitengo imayamba kufupika, kenaka udzu umatha, n'kutsala miyala ndi mchenga basi, dzuwa likuswa mtengo popanda mtengo woti liswe. Koma kukatsala pang'ono kuti mufike kunyanja, kutsogolo kumaoneka chimtambo chotuwa chogona pansi, ndipo galimoto ikangolowamo aliyense amayamba kufunafuna juzi. Pamenepo ndiye kuti mwafika ku Swakopmund, likulu la chigawo cha Erongo m'dziko la Namibia.

Chimtambocho ndi chifunga, ndipo ndicho mwini mudzi kuno. M'mbali mwa gombeli mumadutsa madzi ozizira kwambiri ochokera kummwera, omwe akatswiri amawatcha Benguela. Mpweya wachinyontho ukadutsa pamwamba pa madziwa umasanduka chifunga, mphepo n'kuchikankhira kumtunda. Wakwathu amene anakhalako ku Thyolo kapena ku Mulanje angachitche chiperoni, kungoti chiperoni chakuno sichigwetsa mvula. Pa chaka chonse mvula siifika n'komwe mamilimita 20. Tsono pomwe anthu a ku Windhoek akupsa ndi kutentha mu Disembala, kuno kumakhala kamphepo kayaziyazi, n'chifukwa chake mabanja amakhamukira kugombeli pa tchuthi cha Khirisimasi. Ngakhale mtsogoleri wa dzikolo ali ndi nyumba ya boma konkuno.

Chodabwitsa n'chakuti tauniyi inamangidwa pamalo osayenera kumangapo tauni. Ajeremani atalanda dzikoli anapeza doko labwino la Walvis Bay lili kale m'manja mwa Angerezi, omwe analitenga mu 1878. Posowa pogwira, mu 1892 mkulu wa asilikali Curt von François anasankha malo a pafupi ndi pomwe mtsinje wa Swakop umathirira m'nyanja, makilomita 30 ndi pang'ono kumpoto, chifukwa pamenepo pokumba pansi pamapezeka madzi akumwa. Doko lenileni panalibe. Sitima zinkaima patali, ndipo katundu ndi anthu ankawatsitsira m'mabwato opalasidwa ndi amuna a mtundu wa Kru ochokera ku Liberia, omwe ankadziwa kudutsa mafunde aukali. Anamanga chikhoma cha miyala chotchinga mafunde chotchedwa Mole, chomwe chinatha mu 1903, koma pasanathe zaka zingapo mchenga unadzaza padokopo. Anamanga mlatho wa matabwa wolowa m'nyanja, kenaka mu 1912 anayamba wachitsulo, womwe nkhondo yoyamba ya dziko lonse inaupeza usanafike ndi theka lomwe. Asilikali a South Africa atalowa mu 1915, ntchito yonse ya doko inasamukira ku Walvis Bay.

Zolephera zimenezi ndizo alendo amalipira ndalama kudzaona lero. Mchenga womwe unapha doko la Mole unapanga gombe lotetezeka lomwe anthu amasambirapo, ngati ali olimba mtima, poti madziwo ndi ozizira molasa m'mafupa. Mlatho wachitsulo uja, womwe aliyense amangoutcha Jetty, anaukonzanso, ndipo kumapeto kwake kuli malo odyera. Madzulo anthu amayendapo kukaona dzuwa likumira m'nyanja, pa masiku omwe chifunga chalola.

Pakati pa tauni mpoyenda wapansi. Misewu yake ndi yotakasuka, mitengo ya kanjedza ili m'mbali, ndipo nyumba za nthawi ya atsamunda zikadali chilili. Pali nsanja younikira sitima ya mu 1902, Woermannhaus ya mu 1905 yomwe mutha kukwera nsanja yake n'kuona nyanja mbali ino mapiri a mchenga mbali inayo, ndi Hohenzollernhaus ya mu 1906, yomwe padenga pake pali chiboliboli cha munthu atasenza dziko. Siteshoni yakale ya sitima ya pamtunda tsopano ndi hotela. Ndende ya mu 1909 anaimanga mokongola mwakuti mlendo atha kuiyesa nyumba ya bwanamkubwa. Nyumba yosungira zinthu zakale, yomwe anayambitsa dokotala wa mano Alfons Weber mu 1951, ndi yoyenera kuithera ola limodzi kapena awiri, ndipo ku Kristall Galerie kuli chimwala chonyezimira cha quartz cholemera matani 14. M'masitolo mumva Chijeremani, Chiafrikaans, Chingerezi, Oshiwambo, Otjiherero ndi Khoekhoegowab.

Koma pali nkhani yomwe timapepala tokopa alendo timaidumpha. Mu 1904 Aherero anaukira ulamuliro wa Ajeremani, Anama nawo n'kutsatira, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho mkulu wa nkhondo Lothar von Trotha analamula kuti Aherero aphedwe onse. Opulumuka, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, anawatsekera m'misasa ya ukaidi, ndipo ina mwa misasayo inali muno mu Swakopmund. Ankawagwiritsa ntchito ya kalavula gaga padoko ndi panjanji. Anthu ozolowera kutentha kwa kumtunda, opanda zofunda ndi chakudya chokwanira, chifunga chomwe lero timachiyamikirachi chinkawatha usiku uliwonse. Mmishonale Heinrich Vedder, yemwe anali muno mu 1905, analemba za imfa za tsiku ndi tsiku zomwe anaona ndi maso. Kumapeto kwa dera la Kramersdorf, pafupi ndi mtsinje, kuli manda awo: timitumbira ta mchenga tambirimbiri topanda dzina, moyandikana ndi manda a azungu okhala ndi miyala yolembedwa bwino ndi maluwa othiriridwa. Pakati pa tauni pakadali chipilala cha mu 1908 cholemekeza asilikali a Germany omwe anamenya nkhondoyo, ndipo mkangano woti chichotsedwe sunathe. Boma la Germany linavomera mu Meyi 2021 kuti zomwe zinachitikazo kunali kupulula mtundu wa anthu, n'kulonjeza ma euro 1.1 biliyoni pa zaka 30, koma atsogoleri ambiri a Aherero ndi Anama anakana mgwirizanowo ponena kuti sanawafunse mokwanira. Kanyumba kokumbutsa za kupululidwa kwa anthuwa sikali pakati pa tauni ayi. Kali ku Matutura, kumakomboni, ndipo anakatsegula ndi mmisiri wa zosemasema Laidlaw Peringanda. Amene wajambula Hohenzollernhaus koma osafika kumanda a ku Kramersdorf, waona theka la Swakopmund.

Za masewera a pamchenga sitichulukitsa gaga, poti ofesi iliyonse ya zokopa alendo ikuuzani yokha. Mukangowoloka mlatho wa pa Swakop kulowera ku Walvis Bay, mapiri a mchenga amayambira pomwepo. Mutha kutsetsereka pa thabwa choimirira kapena chogona chafufumimba, kuthamangitsa njinga yamoto ya mateyala anayi, kukwera ngamila, kapena kudumpha m'ndege ndi parachuti ngati moyo wakukwanani. Zonsezi n'zokoma, ndipo mchenga mudzakhala mukuuchotsa m'makutu mpaka kunyumba.

Ulendo womwe ife tingausankhe pa onse ndi wapang'onopang'ono, wa m'mawa, wokaona tizilombo ta m'chipululu. Poyamba mumaona ngati pamchengapo palibe chamoyo. Kenaka wokutsogolerani amaimitsa galimoto, kutsika osavala nsapato, kutsata timizere tomwe inu simunatione, n'kufukula ndi manja. M'dzanja mwake mumatuluka kanalimata koonekera mkati, ka maso akuluakulu ndi mapazi olumikizana zala, komwe kamamwa madzi ponyambita chinyontho cha pa maso pake pomwe. Patsogolo pang'ono akuonetsani kamphiri kakang'ono komwe kamadzikwirira mumchenga n'kungosiya maso panja, ndipo poyenda kamayenda chammbali kuti mimba isapse. Palinso kangaude yemwe akaopsezedwa amadzipinda n'kugubuduka kutsika phiri, ndi bilimankhwe wa m'chipululu, wothamanga kuposa abale ake a m'mitengo, yemwe m'mawa amada kuti atenthedwe msanga ndipo masana amayera.

Mfumu ya onsewa ndi kachikumbu kakuda. Chifunga chikagwa, iko kamakwera pamwamba pa phiri la mchenga, kuzondotsa mutu pansi msana m'mwamba, n'kudikira. Timadontho timasonkhana pamsana pake n'kutsetserekera kukamwa. Buluzi akadya kachikumbuko ndiye kuti wamwa madzi, njoka ikadya buluziyo yamwanso. Mukamvetsa zimenezi mumazindikira chifukwa chake otsogolera alendo amakwiya ndi oyendetsa galimoto mwachisawawa kunja kwa njira zololedwa. Pazigwa za miyala pamamera ndere zomwe zimakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo mkwaso wa teyala limodzi umatha zaka makumimakumi usanafafanizike. M'malo omwewo mumaikira mazira kambalame kosowa kotchedwa Damara tern, pansi penipeni popanda chisa. N'chifukwa chake mu 2010 boma linaika gombe lonseli pansi pa nkhalango yotetezedwa ya Dorob.

Kummawa kwa tauni kuli ulendo wina wa theka la tsiku, wofunika chilolezo cha ku ofesi ya unduna woona zachilengedwe. Umadutsa pa zitunda zakuda zokumbika ndi madzi akalekale, zomwe anazitcha dziko la kumwezi, kutsikira ku Goanikontes komwe kuli mitengo yobiriwira m'khwawa la Swakop, n'kukafika kuchigwa cha welwitschia. Chomerachi si chokongola, tinene zoona. Chimaoneka ngati mulu wa masamba ofota omwe wina wataya. Koma moyo wake wonse chimakhala ndi masamba awiri okha, omwe amangokulirakulira mphepo ikuwang'amba, ndipo zina mwa zomerazi zapitirira zaka 1,000. Anthu a ku Namibia anachiika pa chizindikiro cha dziko lawo.

Amene ali ndi masiku owonjezera alowere kumpoto pa msewu wopangidwa ndi mchere, adutse Henties Bay ndi sitima ya Zeila yomwe inatitimira pagombe mu 2008, mpaka ku Cape Cross, makilomita pafupifupi 120. Kumeneko Mpwitikizi Diogo Cão anazika mtanda wa mwala mu 1486, ndipo lero kuli akatumbu a m'nyanja zikwizikwi. Phokoso lake ndi fungo lake simudzaziiwala. Tengani kansalu kotseka mphuno. Kummwera, ku Walvis Bay, kuli mbalame zofiirira za flamingo padambo la m'mbali mwa nyanja, maulendo a pa boti, phiri la mchenga la Dune 7, ndi Sandwich Harbour komwe mapiri a mchenga amagwera m'nyanja mwachindunji.

Tauniyi sidya za alendo zokha. Mgodi wa yureniyamu wa Rössing, pafupi ndi Arandis, wakhala ukugwira ntchito kuyambira 1976, ndipo pambuyo pake panabwera Langer Heinrich ndi Husab. Dzina la kampani ya Langer Heinrich si lachilendo kwa Amalawi: ndi Paladin Energy, yomwe inatsegula mgodi wa Kayelekera ku Karonga mu 2009. Migodi imamwa madzi ambiri, choncho mu 2010 anatsegula fakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja ku Wlotzkasbaken. Ntchito za m'migodi, m'mahotela ndi za zomangamanga zakoka anthu ochokera m'zigawo zonse, moti kalembera wa 2023 anapeza anthu oposa 75,000, pomwe mu 2011 sankafika 45,000. Ambiri mwa iwo sakhala m'nyumba za kugombe zija. Ali ku Mondesa, komboni yomwe inakhazikitsidwira anthu akuda pa nthawi ya tsankho, ku Tamariskia, ku Matutura, ndi ku DRC, dera la zisakasa za malata ndi matabwa lomwe linayamba ngati malo ongodikirirapo koma mpaka pano likukulabe.

Ku Mondesa n'komwe mukadye kapana, nyama ya ng'ombe yowotcha yoduladula, yothira mchere ndi tsabola, yodyera pomwepo pa chiwaya. Kutauni mupeza nsomba ya kabeljou, nkhono za m'nyanja za oyster zomwe amaweta ku Walvis Bay, ndi makeke a Chijeremani ku Café Anton. Idyani konsekonse, koma dziwani kuti mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri.

Wochokera ku Lilongwe pa msewu adutse Lusaka ndi Livingstone, awoloke Zambezi pa Sesheke kulowa Katima Mulilo, kenaka Rundu, Otjiwarongo ndi Usakos. Ndi njira yomweyo yomwe madalaivala a mathiraki a ku Zambia amatsata popititsa kopa kudoko la Walvis Bay, ndipo ndi ulendo wa masiku angapo. Wa pa ndege atsikire ku Windhoek kapena ku Walvis Bay. Randi ya ku South Africa imalandiridwa paliponse pa mtengo wofanana ndi dola ya Namibia. Mu Disembala ndi kumayambiriro kwa Januwale malo ogona amadzaza ndipo mitengo imakwera, tsono ngati mukufuna kupita nyengo imeneyo, sungitsani malo miyezi ingapo isanakwane.