Kamuvi kakaloza pofiira, musafulumire kuphwasula injini

Bambo wina anafika pa galaja yanga m'mawa, mwezi wa Okutobala, nkhope ili yakugwa. Anali ndi Corolla ya AE110, zija zinapangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zomwe mpaka lero zikukana kufa m'misewu yathu. Ankagwira ntchito ku Chikwawa, ndipo Lachisanu lililonse ankakwera chitunda cha ku Thabwa kubwera kwawo ku Blantyre.

"Amisiri, galimotoyi ikutentha. Chivindikiro cha rediyeta ndagula chatsopano, thermostat anachotsa, koma osasintha. Kwina andiuza kuti gasiketi yapsa, tiphwasule injini."

Ndinawafunsa kuti ikumatentha nthawi yanji. Anaganiza kaye, kenako anati, "Usiku, makamaka." Masana, padzuwa loswa mtengo la ku Chigwa cha Shire, kamuvi ka geji ya kutentha kankakhala pakati bwinobwino. Dzuwa likalowa, kunja kutayamba kuzizira, m'pamene kankakwera kupita pofiira. Nditamva zimenezo ndinabweza spanala m'bokosi. Injini yodwala kutentha siisankha usiku. Wonama analipo, ndipo ndinkakayikira kuti si injini.

Eni galimoto ambiri amaganiza kuti geji ya pa dashibodi imaona m'kati mwa injini. Siiona kanthu. Imangobwereza zimene yauzidwa, ngati mthenga wa mfumu. Uthengawo umayambira pa kachitsulo kakang'ono kotchedwa sensa, komangidwa pa silinda hedi kapena pafupi ndi nyumba ya thermostat, nsonga yake itamira m'madzi a injini. M'kati mwa sensa muli kanthu kamene kamachita ngati mpopi wa magetsi. Madzi akakhala ozizira, mpopiwo umakhala wotseka pafupifupi wonse, magetsi amadutsa ochepa, kamuvi kamagona pa C. Madzi akamatentha, mpopi umatseguka pang'onopang'ono, magetsi amachuluka, kamuvi n'kumadzuka. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo: sensa, waya, geji, ndi njira yobwerera magetsi imene timaitcha earth. Chimodzi mwa zinayizi chikalakwika, kamuvi kamanama, ndipo kamanama molimba mtima.

Pa galimoto zakale ngati Corolla imeneyi, Hilux kapena Hiace za nthawi yomweyo, sensa ya geji imakhala ndi waya mmodzi yekha. Magetsi amabwerera kudzera m'mazinga ake, kulowa m'thupi la injini. Pafupi napo, pa injini zoyendera kompyuta, pamakhala sensa ina ya mawaya awiri, imene imauza kompyuta kuti ipereke mafuta ochuluka bwanji. Ndaona anthu ambiri akupita ku Ndirande kapena ku Biwi, n'kugula ya mawaya awiriyo, kuimanga, kenako n'kumadabwa kuti geji sinasinthe. Asintha mboni yolakwika.

Koma ndisanayambe kusaka wonama, choyamba ndimafuna kudziwa ngati injiniyo ikutenthadi. Kale tinkadalira dzanja ndi khutu: kugwira paipi yapamwamba ya rediyeta, kumvetsera ngati madzi akubwata injini ikazimitsidwa, kununkhiza. Masiku ano ndili ndi kachipangizo kooneka ngati mfuti ya ana, kamene ndimangolozetsa pa chitsulo n'kuwerenga kutentha kwake. Ndimalozetsa pa nyumba ya thermostat. Injini zambiri za Toyota za nthawi imeneyo zili ndi thermostat yotseguka pa madigiri 82, ndipo zikamayenda bwino madzi amasewera pakati pa 85 ndi 95. Kamuvi kakakhala pofiira koma mfuti yanga ikunena 88, injini ilibe mlandu.

Apa ndichenjezepo, chifukwa zipsera za m'manja mwanga zinabwera ndi phunziro limeneli. Musatsegule chivindikiro cha rediyeta injini ili yotentha. Pa chivindikirocho pamalembedwa 0.9 kapena 1.1, kusonyeza mphamvu imene chimapanikizira madzi. Kuno ku Blantyre, komwe tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi a m'poto amawira asanafike n'komwe pa 100, cha pa 97. Koma opanikizidwa m'rediyeta amatha kuyandikira 120 asanawire. Mukangomasula chivindikirocho, madzi onsewo amawira nthawi imodzi n'kukuthovokerani kumaso.

Ndikatsimikiza kuti injini ili bwino, mayeso oyamba ndi aulere. Ndimatsegula kiyi osaliza injini, n'kuzula waya wa pa sensa. Kamuvi kayenera kugwa mpaka pansi. Kakakhalabe m'mwamba waya ali wozula, ndiye kuti wayayo wasupuka penapake ndipo akukhudza chitsulo, mwina wapsa ndi ekizozi kapena wadyedwa ndi makoswe, kapena geji yeniyeniyo yafa. Kenako ndimatenga waya uja n'kumugunditsa pa thupi la injini, mnyamata wanga atakhala m'kati kuyang'ana dashibodi. Kamuvi kayenera kuthamangira ku H. Kakangoyamba kuthamanga ndimachotsa msanga, chifukwa mukachedwa nako mumawotcha geji yomwe inali yabwinobwino. Geji ikamvera mayeso awiriwa, ndiye kuti iyo ndi waya wake n'zamoyo, ndipo maso amatembenukira kwa sensa.

Sensa timaiyesa ndi poto. Inde, poto wa kukhitchini, mbaula ndi multimeter. Ndimaimasula, kuimiza nsonga m'madzi ozizira, kuwerenga ma ohm, kenako kumatenthetsa madziwo ndikuyang'ana manambala. Ayenera kumatsika mosadukiza, ngati munthu wotsika phiri mosamala. Akamadumphadumpha, kapena kungoima malo amodzi, sensayo yatha. Ya kompyuta ija, pa Toyota zambiri, imawerenga ma ohm pakati pa 2,000 ndi 3,000 madzi ali pa madigiri 20, n'kutsika kufika cha m'ma 300 akafika pa 80. Ya geji ili ndi manambala akeake, otsikirapo kwambiri, ndipo amasiyana malinga ndi mtundu wa galimoto. N'chifukwa chake sensa ya Nissan, ngakhale mazinga ake atalowa bwinobwino pa Toyota, imakupatsani bodza tsiku lililonse. Ogulitsa amati "zonse n'chimodzimodzi, abwana." Si chimodzimodzi.

Palinso kachizolowezi kena kamene kamandipweteka mutu. Munthu akamamanga sensa yatsopano amaopa kuti idontha, ndiye amakulunga mazinga ake ndi tepi yoyera ija ya mapulambala, kukulunga mowolowa manja. Waiwala kuti mazingawo ndiye njira ya magetsi. Geji imangogona pa C, kapena imawerenga motsika, iye n'kumati wagula sensa yabodza.

Amene muli ndi Land Rover zakale za Series, ndi galimoto zina za ku Britain za nthawi imeneyo, muli ndi wokayikiridwa winanso. Kuseri kwa dashibodi kuli kabokosi kakang'ono kamene kamachepetsa magetsi opita ku mageji kuti azikhala pa 10 volts. Kakafa, geji ya kutentha ndi ya mafuta zimanamira limodzi. Mukaona thanki yadzidzimuka yadzaza musanapite pa filling station, injini nayo akuti yatentha, musathokoze kumwamba chifukwa cha mafutawo. Yang'anani kabokosiko.

Tibwerere kwa bambo a ku Chikwawa. Geji yawo inamvera mayeso onse, sensa inali yabwino. Ndinaliza injini mpaka itafika pa kutentha kwake, kamuvi kali pakati. Ndiye ndinawauza kuti ayatse nyali zazikulu. Kamuvi kananyamuka pang'ono. Ayatse fani ya m'kati, ayatse ndi mawaipa. Kanakwerabe, ife tikuona ndi maso, mfuti yanga ili pa 87 osasuntha. Ndinatenga chingwe chojampira batire, mbali imodzi kumanga pa injini, ina pa bodi ya galimoto. Kamuvi kanabwerera pakati ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

Vuto linali lamba wa earth wolumikiza injini ndi bodi. Anali atachita dzimbiri lobiriwira, bawuti yake ili yomasuka. Magetsi a nyali amabwerera ku alternator kudzera pa lamba ameneyu, ndipo njira ikakhala yothina, injini ndi bodi zimasiyana mphamvu ya magetsi. Geji imayeza poyerekeza ndi bodi pamene sensa yake yakhala pa injini, choncho kusiyana kumeneko imakuwerenga ngati kutentha. Pa galimoto yabwino, multimeter ikaikidwa pakati pa injini ndi bodi nyali zili zoyaka, siyenera kupitirira 0.2 volts. Yawo inali kutali ndi pamenepo. Tinapala ndi sandipepa, kupaka girizi pang'ono, kumanga bawuti. Ntchito ya mphindi makumi awiri, pa galimoto imene inatsala pang'ono kutsegulidwa mutu.

Sindinawalole kuchoka thermostat isanabwerere m'malo mwake, ndipo apa ndikudziwa kuti amisiri anzanga ena andida. Kwathu kuno kuli chikhulupiriro chakuti thermostat ndi ya kumayiko ozizira, kuti galimoto ikangotsika pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, choyamba n'kuichotsa. Ine ndimakana. Thermostat ntchito yake si kutenthetsa injini ayi, koma kuisunga pa kutentha kumene inapangidwira. Mukaichotsa, m'mawa wa Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu injini imayenda yozizira ulendo wonse, kompyuta imaganiza kuti mwangoiliza kumene ndipo imapitiriza kuthira mafuta ochuluka. Petulo wina amatsuka oilo m'makoma a masilinda, mapulagi amada, injini imakalamba msanga. Ndi mtengo wa mafuta wa masiku ano, kumeneko n'kuwotcha ndalama. Choipitsitsa n'chakuti ngati injini inkatenthadi chifukwa rediyeta yatsekeka ndi dzimbiri ndi miyala ya madzi a pa mjigo, kuchotsa thermostat kumangobisa matendawo mpaka tsiku limene mudzakwere Chiweta kapena Khwekhwerere mutanyamula katundu.

Komabe, pa mabodza onse a geji, limene ndimaliopa si la kamuvi kokwera. Kamuvi kokwera kamakuimitsani pambali pa msewu, mumataya nthawi, mwina ndi ndalama, koma injini imapulumuka. Loopsa ndi la kamuvi kotsika.

Sensa imawerenga bwino pokhapokha nsonga yake ili m'madzi. Paipi ikaphulika madzi n'kutayika onse, sensa imatsala mumpweya, ndipo mpweya suipatsa kutentha ngati mmene madzi amachitira. Kamuvi kamayamba kakwera, kenako n'kutsika kokha. Dalaivala wa minibasi wina anandifotokozera yekha mmene zinamuchitikira panjira ya ku Zalewa: anaona kamuvi kakwera, mtima unagunda, kenako kanatsika, iye n'kuti zatheka, n'kuponda moto. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anayenda pang'ono chabe injini n'kuyamba kugogoda, mphamvu n'kutha. Hedi inabwera kwa ine itapindika moti ngakhale kuipala sikukanathandiza. Chizindikiro chinalipo, koma sankachidziwa: zikatere, mukayatsa hita ya m'kati imatulutsa mpweya wozizira, chifukwa mulibe madzi otentha oti adutsemo.

Dziwaninso kuti mageji ambiri a galimoto za ku Japan anapangidwa kuti asamavutitse dalaivala. Kamuvi kakafika pakati kamakhazikika pomwepo ngakhale madzi akusinthasintha ndi madigiri angapo, ndipo kamayamba kusuntha zinthu zitafika kale patali. Ndiye mukaona kachoka pamalo pake pa masiku onse, ngakhale pang'ono, musadikire kuti kafike pofiira. Imani, zimitsani injini, yang'anani pansi ngati pakudontha madzi, muone ngati lamba wa fani alipo, ndipo mudikire izizire musanagwire chivindikiro.

Bambo aja anadutsanso pa galaja patapita milungu itatu, osati ndi vuto, koma ndi thumba la mbatata. Anati anakwera Thabwa usiku, nyali zonse zili ngwee, kamuvi kali phee pakati. Anandifunsa ngati angachotsenso thermostat ija kukayamba kutentha kwa Novembala. Ndinawauza kuti akaichotsa, mbatata yawo adzaitenge.