Pampu ya Chiwongolero Ikalira ku Chainda

Inu amene munayendapo pa msewu waukulu wa Great East, umene umachoka m'kati mwa Lusaka n'kudzera ku Chongwe, kuwoloka Luangwa, kupyola Nyimba, Petauke ndi Katete mpaka kukafika ku Chipata, mukudziwa kuti munthu asanatsazike mzinda, kufupi ndi Chelston ndi Avondale, kuli komboni ya Chainda. Kumeneko, monganso ku Mtendere, ku Kalingalinga, ku Chawama ndi ku Matero, galimoto ikadwala kawirikawiri imagonekedwa pabwalo pamthunzi, mwini wake n'kuvula malaya a kuntchito, n'kutuma mwana kukabwereka sipanala kwa anansi. Ndipo mwa nthenda zonse zimene zimachizidwa pamabwalo otere, lero tasankhapo imodzi, ya pampu imene imapeputsa chiwongolero.

Madalaivala akale, amene anayendetsa malole ndi mabasi a masiku a ufulu, amakumbukirabe chiwongolero chimene chinkafuna mapewa ndi thukuta, makamaka pokhota galimoto itasenza katundu. Nzeru yopeputsa ntchito imeneyi ndi mafuta opanikizidwa inaonetsedwa ku America m'chaka cha 1926 ndi katswiri wa makina dzina lake Francis Davis, koma inafika m'galimoto zogulitsidwa kwa anthu wamba mu 1951, pamene kampani ya Chrysler inaiika m'galimoto yake ya Imperial. Kuno kwathu inachedwa kufalikira. M'zaka za m'ma 1970, pamene galimoto za Fiat zinkalumikizidwa ku Livingstone, wokhala m'komboni sankalota n'komwe zokhala ndi yakeyake. Zinthu zinatembenuka boma la a Frederick Chiluba litalowa mu 1991 ndi kutsegula zipata za malonda: kampani ya mabasi ya UBZ inagwa patapita zaka zochepa, m'malo mwake munadzaza maminibasi a Toyota Hiace, ndipo pambuyo pake panatsata ma Corolla ndi anzake, ogwirapo kale ntchito ku Japan, otsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Anthu anakondwera ndi chiwongolero chotembenuka ndi dzanja limodzi, koma walira mvula walira matope, pakuti pamodzi ndi kupepukako panabweranso pampu, lamba wake, mapayipi ake ndi kudontha kwake.

Kagwiridwe kake ntchito n'kotere. Injini imazunguza lamba, lamba amazunguza kagudumu kamene amakaniko amati pule, ndipo m'kati mwa pampu muli timasamba tachitsulo timene timakoka mafuta kuchokera m'kabotolo n'kuwakankhira m'payipi yolimba kunka ku raki, chitsulo chopingasa chimene chimakhotetsa mawilo akutsogolo. Mafutawo akatha ntchito amabwerera m'kabotolo ndi payipi ina yofewa. Tayala limapopedwa kufika mabala 2 ndi pang'ono pa geji yoyezera mpweya, koma pampu yaing'onoyi ikhoza kufikitsa mafuta pa mabala 70 kapena kuposa, n'chifukwa chake kampata kosaoneka n'komwe ndi maso kamatha kukhuthula kabotolo konse.

Tsono pano ndi pamene pamasiyana wodziwa ndi wothamanga, ndipo ine ndikuti apa ndiye pagona ntchito yonse. Galimoto ikayamba kulira mokuwa pokhota, kapena chiwongolero chikauma m'mawa, ambiri amaweruziratu pampu mlandu usanamveke, pamene kawirikawiri wolakwa amakhala wina. Lamba wolefuka amalira mokwiyiza ndi kuterereka pa pule. Mafuta akachepa pampu imameza mpweya n'kumabuula. Kasefa ka pansi pa kabotolo kakatsekeka ndi litsiro pampu imafa ndi ludzu mafuta ali tho pamwamba pake. Ndipo kampira kamodzi kouma polowera mafuta kakhoza kuyamwitsa mpweya popanda kudonthetsa kanthu pansi. Mudzaona mmisiri wachikulire atatsegula boneti, asanakhudze sipanala, akuviika chala m'mafuta, kuwanunkhiza ngati apserera, kuwayang'ana padzuwa ngati muli tinyenyeswa tonyezimira ta chitsulo, kenaka n'kuuza wophunzira wake kuti, "Mphwanga, lowa ukhotetse pang'onopang'ono, ine ndimvetsere." Pokhapokha lamba atamangidwa, mafuta atadzazidwa, sefa itatsukidwa, kulirako n'kukhalapobe, kapena mafuta akamatuluka kuseri kwa pule penipeni, m'pamene amavomera kuti pampu yatha. Wosafuna kufunsa akulu otere amagula pampu ziwiri nthenda ili pa lamba. Safunsa anadya phula.

Pogula ina, munthu wa ku Chainda amakwera minibasi kunka m'tauni, kumasitolo ndi m'misika ya zipangizo za galimoto, kumene amapeza zatsopano zodula, zatsopano zotchipa zosadziwika kwawo, ndi zakale zochotsedwa m'galimoto za ku Japan. Wanzeru amanyamula pampu yakeyo m'thumba kuti akailinganize ndi inzake, mabowo a mabawuti, polowera mapayipi ndi mizere ya pule, popeza galimoto za dzina limodzi zimasiyana injini. Yakale yotsukidwa ndi petulo imawala mokopa, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Choncho aizunguze ndi dzanja, amve ngati ikukhakhala kapena kugwedera, ndipo apangane ndi wogulitsa za kubweza ndalama isanachoke m'manja.

Kuchotsa ndi kuika sikutenga nzeru zambiri, kumangofuna dongosolo. Injini izizire, waya wa batire wa mbali ya negetivu achotsedwe, mafuta akale akokedwe m'kabotolo ndi sirinji. Ngati pule idzasamukira pa pampu yatsopano, nati yake imasulidwe lamba akadagwira, chifukwa pambuyo pake idzangozungulira. Ndipo njira ya lambayo ijambulidwe papepala kapena pa foni asanatsitsidwe. Payipi yolimba nthawi zambiri imamangidwa ndi bawuti yobooka m'kati, yokhala ndi mawashala awiri a mkuwa, chitsulo chomwecho chimene dziko lino limakumba ku Copperbelt. Mawashala amenewa amaphwanyika dala pomanga kuti atseke mpata, motero akale sayenera kubwezedwapo, ngakhale kuti ambiri amawabwezera pofuna kusunga makobidi ochepa, n'kudzataya mafuta a ndalama zambiri. Kukamwa kwa mapayipi kutsekedwe ndi pulasitiki yoyera, pakuti fumbi la mwezi wa Ogasiti, limene limalowa ngakhale m'nyumba yotseka, likalowa m'menemo limadya pampu yatsopano ndi raki yomwe. Mabawuti ayambe kulowetsedwa ndi zala, sipanala ibwere pomaliza.

Za mafuta, chivindikiro cha kabotolo ndicho chimanena zoona. Ma Toyota ambiri akale aja ochokera ku Japan amafuna mafuta ofiira a giyabokosi ya otomatiki, a mtundu wa Dexron, pamene Honda imafuna akeake. Mafuta a mabuleki asayandikire konse, chifukwa amawononga mphira yonse ya m'katimo.

Ikatha ntchito ya sipanala imatsala ya kuleza mtima, ndiyo kutulutsa mpweya. Kutsogolo kwa galimoto kukwezedwe ndi jeke, kenaka kukhazikidwe pa masitandi achitsulo kapena pa zipika zolimba. Mabuloko a simenti, amene ali ponseponse m'komboni, amasweka mosachenjeza, ndipo munthu wogona pansi pa galimoto sapatsidwa nthawi yothawa. Mawilo a kumbuyo atsekerezedwe ndi miyala. Injini isanalizidwe, mmodzi akhale pampando n'kumakhotetsa chiwongolero kuchokera kumapeto a kumanja kufika kumapeto a kumanzere, modekha, maulendo 15 kapena 20, pamene mnzake waweramira pa kabotolo, kuona timathovu tikukwera timodzitimodzi, mafuta akutsika, iye n'kumawonjezera kuti pansi pasaoneke. Thovu likaleka ndiye injini ilizidwe kanthawi kochepa, n'kuzimitsidwa, n'kuyang'ananso. Mafuta akasanduka otuwira ndi a thovu, ndiye kuti mpweya ukadalimo, ndipo palibe chochita koma kuwasiya akhazikike n'kuyambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chiwongolero chisakanikizidwe kumapeto kupitirira masekondi ochepa injini ikulira, popeza pamenepo m'pamene pampu imasenza katundu wake wolemera koposa. Pakapita sabata, lamba ayesedwenso ndi chala, ndi pansi pa galimoto payang'anidwe m'mawa ngati pali dontho.

Pali chinthu china chimene mtima wanga sundilola kuchilumpha. Mafuta akale asathiridwe pansi kapena m'ngalande. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, madzi ake ali pafupi, ndipo ambiri a madzi amene mzindawu umamwa amachokera m'mijigo ndi m'zitsime. Chimene chatayidwa kuseri kwa nyumba lero chikhoza kukapezeka m'ndowa ya mnansi. Asungidwe m'chigubu chotseka, kutali ndi ana, n'kuperekedwa kwa osonkhanitsa oyilo wakale.

Luso limeneli silidzafunika pa galimoto iliyonse. Kuyambira mu 1988, pamene Suzuki inatulutsa Cervo ya chiwongolero chothandizidwa ndi mota ya magetsi, opanga galimoto akhala akusiya pampu pang'onopang'ono, kotero kuti mwini Corolla Axio akatsegula boneti sapezamo kabotolo kapena payipi ya chiwongolero. Chake chikauma, amayamba wayesa batire, alitaneta ndi mafyuzi, ndipo zikakanika amafuna mnyamata wokhala ndi kamakina kolumikiza pansi pa dashibodi kowerenga zolakwika. Anyamata otere ayamba kupezeka m'makomboni, ena a iwo ndi omwe aja anaphunzira kugwira sipanala pa ma Hiace akale, amene akunyamulabe anthu a ku Chainda kunka m'tauni tsiku ndi tsiku.