Zilengezo zakale za nyumba ndi mapuloti zikusoceretsa anthu

Anthu ambiri amene akufunafuna nyumba ya lendi kapena puloti yogula m'mizinda ya Lusaka, Chipata, Ndola ndi Kitwe amayamba ndi kuwerenga zilengezo za malonda. Zilengezo zimenezi zimapezeka m'manyuzipepala, pa zikwangwani za m'mbali mwa misewu, pa makoma a masitolo ndiponso pa intaneti, makamaka pa Facebook ndi WhatsApp.

Vuto n'lakuti zilengezo zambiri zimakhalabe poonekera miyezi kapena zaka pambuyo pakuti zimene zikunena zasintha. Nyumba inalowedwa kale, puloti inagulidwa, mtengo unakwera, koma cilengezo cikali kuitana anthu. Wolemba cilengezoco amaciiwala, pamene munthu wociwerenga lero amaciona ngati nkhani yatsopano ndipo amawononga ndalama zake pocitsatira.

Kusowa kwa nyumba ndiko kumakulitsa vutoli. Kalembera wa m'caka ca 2010 anapeza anthu pafupifupi 13 miliyoni m'dziko lino, ndipo wa m'caka ca 2022 anapeza anthu oposa 19 miliyoni. Pamene anthu ofuna malo okhala aculuka cotere, munthu amacita changu kulipira poopa kuti wina amutsogolera, ndipo safunsa kuti cilengezo cinalembedwa liti.

Mtengo ndiwo umayamba kukalamba

Cinthu coyamba kutha nchito m'cilengezo ndi mtengo. Pa 1 January 2013, Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa ndalama ya kwaca, kotero kuti K1,000 yakale inakhala K1 yatsopano. Nyumba imene inalengezedwa pa K250,000,000 m'caka ca 2012 inakhala ya K250,000 tsiku limenelo. Mapepala ndi zikwangwani za nthawi imeneyo zikali kupezeka, ndipo wacinyamata amene sanagwiritsepo nchito ndalama zakale angasokonezeke nazo.

Mphamvu ya kwaca nayonso yasintha kwambiri. M'caka ca 2013 dola imodzi ya ku America inali kugulidwa ndi ndalama zopitirira pang'ono K5, koma m'caka ca 2024 inapitirira K25. Popeza zipangizo zambiri zomangira zimacokera kunja kapena zimadalira mtengo wa mafuta, mtengo womangira nyumba umayenda pamodzi ndi kusintha kumeneku. Mtengo wolembedwa zaka zitatu zapitazo sungathandize wogula kukonza bajeti, ndipo mwini nyumba amene wausiya poonekera amadzipezera yekha mikangano ndi makasitomala.

Msonkho nawo wakhala ukusintha. Msonkho wolipira posintha umwini wa malo, umene wogulitsa amapereka ku bungwe la Zambia Revenue Authority, unakwezedwa kufika pa 10 peresenti m'caka ca 2014, unatsitsidwa kufika pa 5 peresenti m'caka ca 2016, ndipo unakwezedwanso kufika pa 8 peresenti kuyambira mu January 2025. Pa nyumba ya K1,000,000, kusiyana kwa 5 peresenti ndi 8 peresenti ndi K30,000. Malangizo akale a ma ejenti amene akali kuchula 5 peresenti angacititse wogulitsa kugwirizana pa mtengo umene pambuyo pake adzaona kuti wamupweteka.

Mapepala a malo sakhala cimodzimodzi

Mau akuti “ili pa taito” ndiwo amakopa kwambiri ogula, koma ndiwonso ofunika kuwafufuza mosamala. Malinga ndi lamulo la Lands Act la m'caka ca 1995, malo onse m'Zambia ali m'manja mwa mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu, ndipo munthu amapatsidwa malo kwa zaka zosapitirira 99. Motero taito iliyonse ili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera.

Pali mataito ena a zaka 14 cabe, amene anali kuperekedwa pa malo amene sanapimidwe mokwanira ndi akatswiri opima malo. Palinso ziphaso za zaka 30 zimene makhonsolo amapereka kwa anthu okhala m'makomboni ovomerezedwa. Cilengezo colembedwa kalekale cingakhale cinanena zoona pa nthawiyo, koma lero zaka za pepalalo zingakhale zitatha kapena zitatsala zocepa.

Kuwonjezera apo, zambiri zingacitike pa malo cilengezo cikali pakhoma. Mwini malo angatenge ngongole ku banki n'kupereka taito ngati cikole. Wacibale kapena munthu wina amene ali ndi dandaulo angalembetse ciletso ku ofesi yosunga mataito kuti malowo asagulitsidwe. Mwini malo angamwalire, ndipo zikatero amene ali ndi mphamvu yosamalira cumaco ndi munthu yekhayo amene khoti yamuika. Ngongole ya lendi ya nthaka ku boma ndi ya msonkho wa nyumba ku khonsolo nayonso imakula caka ndi caka.

Zonsezi sizioneka pa cithunzi ca nyumba. Zimaoneka m'kaundula wa unduna wa za malo, kumene munthu angalipire ndalama yocepa n'kupempha kuti amuonetse mwini weniweni wa puloti ndi zonse zolembedwa pa malowo. Kuyambira m'caka ca 2023 undunawu ukugwiritsa nchito dongosolo la pa kompyuta lochedwa ZILAS, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la ZILMIS. Kufufuza kumene kunacitika caka catha sikuteteza wogula wa lero. Kuyenera kucitidwanso pamene ndalama zili pafupi kuperekedwa.

Malo enieniwo amasintha

Ngakhale kafotokozedwe ka kumene malo ali kamakalamba. M'caka ca 2018 boma linakhazikitsa maboma atsopano m'cigawo ca kum'mawa. Kasenengwa ndi Chipangali anacotsedwa ku Chipata, Lumezi ndi Chasefu ku Lundazi, ndipo Lusangazi ku Petauke. Munda kapena puloti imene cilengezo cakale cikuti ili m'boma la Chipata ingakhale tsopano pansi pa khonsolo ina. Izi n'zofunika cifukwa posintha malo a mafumu kuti akhale pa taito, pamafunika cilolezo ca mfumu ndi civomerezo ca khonsolo ya dera limenelo. Wogula wopita ku khonsolo yolakwika amataya nthawi ndi ndalama za mayendedwe.

Mu Lusaka, milatho ya pamwamba imene inatsegulidwa ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres m'zaka za 2020 ndi 2021 inasintha kayendedwe ka magalimoto. Nyumba zina zinakhala zosavuta kufikako, pamene zina zinapezeka pafupi ndi phokoso la msewu waukulu.

Za madzi ndi magetsi nazonso zimafuna kulembedwanso. Cilala ca m'caka ca 2024 cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima kwa maola ambiri tsiku lililonse. Kuyambira pamenepo ofuna nyumba ambiri amafunsa ngati pali sola, thanki ya madzi kapena citsime cobowola cimene sicimauma. Cilengezo cimene cimangoti “madzi ndi magetsi zilipo” sicikuyankha mafunso amenewa. Cithunzi cojambulidwa m'cilimwe naco sicionetsa kuti bwalo limasefukira madzi m'dzinja, monga zimacitikira m'madera ena a Kanyama. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mpata wa akuba

Coopsa kwambiri n'cakuti zilengezo zosiyidwa zimakhala cida ca anthu acinyengo. Wakuba amatenga zithunzi za nyumba imene inagulitsidwa kale, amaikapo nambala yake ya foni ndi mtengo wotsika, ndipo amauza ofuna nyumba kuti atumize coyamba ndalama yoonera nyumba kapena ya cikole kudzera pa foni. Ndalama ikangolowa, foni imazimitsidwa.

Nambala ya foni yeniyeniyo ingasinthe mwini, popeza makampani a mafoni amapereka kwa munthu wina nambala imene yakhala nthawi yaitali osagwira nchito. Motero munthu woyankha foni ya pa cikwangwani cakale angakhale wosadziwa ciliconse za nyumbayo, kapena woona mwai wodyerapo.

Malamulo oteteza anthu alipo. Lamulo la Estate Agents Act la m'caka ca 2000 limafuna kuti ogwira nchito yogulitsa ndi kubwereketsa nyumba za ena akhale olembetsedwa ku bungwe la Zambia Institute of Estate Agents. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la m'caka ca 2010 limaletsa kusoceretsa ogula potsatsa malonda. Koma kubweza ndalama imene yapita kale kwa munthu wosadziwika n'kovuta, n'cifukwa cake kupewa ndiko kofunika.

Zoyenera kucita

Eni nyumba ndi ma ejenti ayenera kulemba tsiku pa cilengezo ciliconse, ndi kubwereranso kwa ico kawirikawiri kuti aone ngati mtengo, nambala ya foni, zithunzi ndi nkhani ya mapepala zikali zoona. Kusintha tsiku lokha popanda kufufuzanso zinthu zimenezi ndi cinyengo, cifukwa kumapangitsa nkhani yakale kuoneka yatsopano. Nyumba ikalowedwa kapena puloti ikagulidwa, cilengezo cicotsedwe tsiku lomwelo kapena cilembedwe poonekera kuti malonda anatha. Cikwangwani ca pa geti naco cizulidwe.

Ejenti wocita zimenezi amapindula, pakuti salandira mafoni a nyumba zimene alibe, ndipo anthu amabwereranso kwa iye podziwa kuti zimene walemba n'zodalirika.

Kwa ofuna nyumba kapena puloti, funso loyamba likhale lakuti cilengezoci cinalembedwa liti. Pambuyo pake apite okha kukaona malowo, akambe ndi anthu oyandikana nawo, aone ciphaso ca ejenti, ayerekeze dzina la pa taito ndi la pa citupa ca wogulitsa, ndipo afufuze ku unduna wa za malo kapena ku khonsolo. Ndalama iperekedwe pokhapo zonsezi zitatsimikizika, ndipo pakhale pangano lolembedwa ndi mboni kapena loya.