Chinachotsa zingwe zophwatalala m'makompyuta n'chiyani?

Amene anatsegulapo kompyuta ya m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira chingwe chotuwa, chophwatalala ngati lamba, chimene chinkalumikiza hard disk ku bolodi lalikulu la makinawo. Masiku ano pamalo pake pali kachingwe kowonda, komabe kamatumiza uthenga mofulumira kuposa lamba uja. Kuti mawaya ochepa apose mawaya ambiri, nkhani yagona pa mmene magetsi amachitira akathamangitsidwa kwambiri.

Njira yakaleyo, yotchedwa IDE kapena PATA, inayamba mu 1986 m'makompyuta a Compaq mothandizana ndi kampani ya Western Digital. Chingwe chake chinali ndi mawaya 40, ndipo 16 mwa iwo ankanyamula uthenga nthawi imodzi, waya uliwonse biti yakeyake. Magetsi akakwera pa waya, cholandira chimawerenga 1. Akatsika chimawerenga 0. Kuti chidziwe ngati akwera kapena atsika, chimayerekeza ndi mawaya a ground, omwe ndi muyezo umodzi wa onse. Pachingwe cha mawaya 40 a ground analipo 7 okha.

Pamene liwiro linali lochepa, njirayi inalibe vuto. Litakwera, mavuto anayi anaonekera.

Loyamba ndi kusokonezana kwa mawaya oyandikana. Magetsi akasintha mwadzidzidzi pa waya umodzi, amadzutsa timagetsi pa waya wapafupi ngakhale awiriwo sakukhudzana. Zikatero 0 akhoza kuwerengedwa ngati 1, ndipo chikalata kapena chithunzi chimasungidwa cholakwika.

Lachiwiri ndi kusiyana nthawi yofikira. Mabiti 16 amanyamuka limodzi, koma safika limodzi ngati mawaya asiyana kutalika ngakhale pang'ono. Cholandira chimawerenga onse pakamphindi kamodzi, choncho biti yochedwa imaphonyedwa.

Lachitatu ndi kubwerera kwa chizindikiro. Monga mawu amabwerera munthu akafuula pafupi ndi phiri, gawo la magetsi limabwerera m'mbuyo likafika polumikizira kapena kumapeto kwa waya, n'kusakanikirana ndi biti yotsatira. N'chifukwa chake chingwe cha PATA sichinkaloledwa kupitirira masentimita 46.

Lachinayi ndi kugwedezeka kwa ground. Mawaya ambiri akasintha nthawi imodzi, magetsi awo onse amabwerera kudzera m'mawaya ochepa a ground aja, ndipo muyezo womwe umayenera kukhala wokhazikika umadumpha. Zili ngati sikelo imene ikugwedezeka munthu akuyeza chimanga.

Akatswiri anayamba ndi kuwonjezera mawaya. Chingwe chatsopano chinakhala ndi mawaya 80, koma 40 owonjezerawo sankanyamula uthenga: onse anali a ground, waya umodzi pakati pa mawaya awiri aliwonse akale, ngati mpanda wolekanitsa minda. Polumikizira panatsalabe mapini 40. Popanda chingwechi kompyuta inkadziletsa yokha pa mamegabaiti 33 pa sekondi. Nacho liwiro linafika pa 66, kenako 100, mpaka 133. Pamenepo njirayi inafika pothera.

Mu 2003 kunabwera SATA, yomwe inasiya zotumiza mabiti ambiri pambalipambali. Kachingwe kake kali ndi mawaya 7: awiri otumiza, awiri olandira ndi atatu a ground. Mabiti amayenda pamzere umodzi motsatana, choncho palibe wodikira mnzake. Chofunika kwambiri n'chakuti biti iliyonse imayenda pa mawaya awiri, wina akakwera mnzake amatsika, ndipo cholandira chimangoona kusiyana kwa awiriwo. Phokoso la magetsi likabwera limagwera onse mofanana, kusiyana kwawo n'kukhalabe komweko. SATA yoyamba inkatumiza mamegabaiti 150 pa sekondi pachingwe chofika mita imodzi, ndipo ya mu 2009 inafika pa 600.

Komabe njira yakale ija sinafe. Idakalipo pakati pa processor ndi RAM, pomwe kachidutswa kamodzi ka RAM ka kompyuta ya padesiki kamakhala ndi mizere 64 ya uthenga, uliwonse woyezedwa pawokha. Kupatsa biti iliyonse mawaya awiri kukanachulukitsa mapini ndi mtengo womwe.

Mpata wolakwitsa pamenepa ndi wochepa zedi. RAM ya mtundu wa DDR5, imene bungwe la JEDEC linakhazikitsa mu 2020, inayamba ndi mabiti 4.8 biliyoni pa sekondi pamzere uliwonse. Pabolodi chizindikiro chimathamanga pafupifupi theka la liwiro la kuwala, kotero panthawi ya biti imodzi chimangoyenda masentimita atatu. Mphamvu ya magetsi nayo inatsika kuchoka pa mavolti 2.5 a DDR yoyamba kufika pa 1.1, kutanthauza kuti phokoso laling'ono ndi lokwanira kusandutsa 1 kukhala 0.

Ichi n'chifukwa chake RAM imaikidwa pafupi kwambiri ndi processor, ndipo tinjira tina ta pabolodi timaoneka tokhotakhota ngati njoka: tafupi timatalikitsidwa dala kuti tifanane ndi tinzake. Kuyambira pa DDR2, m'kati mwa tchipi muli tizipangizo tomeza magetsi obwerera. Kuwonjezera apo, kompyuta ikamayaka imayeza kuchedwa kwa mizereyi ndi kukonza nthawi yowerengera.

Izi zimakhudza ogula ndi okonza makompyuta. Kompyuta ya DDR5 imene yangoikidwa RAM yatsopano ikhoza kukhala kanthawi osaonetsa kanthu pa sikirini, osati chifukwa yafa, koma ikuyeza mizere ija. Ndiponso kudzaza malo onse anayi a RAM kawirikawiri kumatsitsa liwiro, chifukwa kachidutswa kalikonse kowonjezera kamabweretsa polumikizira pena pobwezera chizindikiro. Wofuna RAM yambiri ndi yachangu amachita bwino kugula tizidutswa tiwiri tikulutikulu tofanana kusiyana ndi tinayi tating'ono.